Chigamba cha Nyundo

Pamene aphunzitsi awiri ankamukoka kumuchotsa pamsana pa mnzake, Nyundo, mtsikana wodziwika ndi ndewu pasukulupo, anali atafumbata tsitsi m'dzanja, ndipo tsitsilo silinali lake. Mtsikana amene anali pansiyo ankalira mokuwa, magazi ali chuchuchu m'mphuno, nsapato imodzi itagwera kuseri kwa thanki ya madzi. Ana asukulu anali atazungulira, ena akuimba malikhweru, ena akudumphadumpha ngati auzidwa kuti mawa kulibe sukulu. Mlandu wake? Mtsikanayo anaseka Nyundo atalakwitsa samu pa bolodi. Basitu, kuseka kokhako.

Dzina loti Nyundo sanamupatse ndi amayi ake ayi. Anamupatsa ndi anzake, chifukwa chilichonse chomuvuta iye ankachikonza ndi kumenya. Wailesi ikasiya kulankhula, pha! Chitseko chikakana kutseguka, theche. Munthu akamuyang'ana ndi diso loipa, ndiye musachite kufunsa. Mtima wake unali wapachala, ndipo sanautole patali. Kunyumba achimwene ake, amene ankasenza katundu pamalo okwerera mabasi, sankadziwa njira ina yolangizira mwana kupatula lamba.

"Uku n'komaliza," anatero aphunzitsi aakulu, akumuloza ndi cholembera. "Ukadzangokhudzanso mwana wa munthu, udzanyamule chikwama chako wekha, usadzadikire kuti ndikuuze. Kuyambira mawa, anzako akaweruka iwe uzikasesa m'chipinda cha makompyuta mpaka titsekere."

Atafika kunyumba, lamba analira. Achimwene ake anamupanikizira pakona ya kabati n'kumukwapula m'miyendo ndi kumsana, uku akukuwa kuti, "Ndewu ndi yoipa, wamva? Ndewu ndi yoipa!" Abale inu, kuphunzitsa munthu kuipa kwa ndewu lamba ali m'manja! Nyundo analuma mano, osagwetsa msozi ndi umodzi womwe. Chimene chinamupweteka chinabwera pambuyo pake. Amayi ake, amene ankasita zovala za anthu patebulo la pabalaza, anaimika simbi n'kumuyang'ana ndi maso otopa.

"Mwana wanga, ndikamakapereka zovala anthu amandiloza kuti amake a mwana wandewu uja ndi awa. Kodi palibe china chimene anthu angadzakudziwe nacho?"



Chipinda cha makompyuta chinali kumapeto kwa khonde, pamwamba pa masitepe a simenti. Munkanunkha fumbi ndi pulasitiki wotentha. Makompyuta ake anali okalamba, oti ukawayatsa umayamba wapita kukamwa madzi iwo asanadzuke. Mwini chipindacho anali mphunzitsi wina wowonda amene ana ankamutcha a Mawaya, chifukwa m'matumba mwawo simunkasowa waya wolendewera. Pakona pafupi ndi windo pankakhala mnyamata wa m'kalasi mwa Nyundo, wofatsa, wolankhula pang'onopang'ono, amene aliyense ankamuti Magalasi. Magalasi akewo anali okhuthala, mbali imodzi yomangidwa ndi ulusi wakuda.

Tsiku lina Nyundo akusesa anamva Magalasi akuusa moyo. M'manja mwake munali kachipangizo kakang'ono ngati chala, kamene ukakalowetsa m'mbali mwa kompyuta kamayenera kugwira intaneti popanda waya. Bambo ake, omwe anali telala, anamugulira kwa munthu wogulitsa zinthu zakale. Ankakalowetsa, n'kukazula, n'kukalowetsanso, koma kompyuta inangoti zii.

"Bweretsa kuno," anatero Nyundo, n'kukatsomphola. "Kakufuna kukamenyetsa patebulo kamodzi kokha, kayamba."

"Ayi, chonde!" Magalasi anamugwira mkono ndi manja onse awiri, ngakhale ankadziwa bwino lomwe kuti mkono umenewo sugwiridwa wamba.

A Mawaya anaseka. "Kamenye, tione ngati chibakera chimaphunzitsa chilankhulo. Kameneko sikanawonongeke ayi. Kakulankhula, koma kompyuta siikukamva."

Anakhala pamwamba pa tebulo n'kuwafotokozera. Makompyuta a pasukulupo ankayendera pulogalamu yaulere, yosakhala ya kampani iliyonse. Ankailemba ndi anthu ongodzipereka a m'maiko ambiri, uyu kuikapo kake, uyo kuikapo kake, ndipo aliyense ankaloledwa kuitsegula, kuona m'kati ndi kukonza. Chipangizo chilichonse chimafuna womasulira wake m'pulogalamumo, amene amatchedwa dalaivala. Ka Magalasi kanalibe dalaivala, chifukwa pa anthu onse olembawo panalibe amene anali nako.

"Ndiye amene ali nako ndi amene angathe kukonza," anatero a Mawaya. "Amalemba mizere ya malangizo, timaitcha chigamba, n'kutumiza kwa oyang'anira pulogalamuyo. Akachilandira, aliyense padziko amene ali ndi kachipangizo ngati aka kadzamugwirira ntchito. Ndipo dzina la wolembayo limalowa m'pulogalamumo, silifufutidwanso."

"Dzina lake lenileni?" anafunsa Nyundo. Tsache linali litaima.

"Lenileni."

"Ngakhale akhale mwana wasukulu?"

"Kumeneko safunsa zaka, safunsa mbiri yako. Amaona ntchito."

Tsiku limenelo chipinda chinasesedwa mbali imodzi yokha. Nyundo anali atapeza chimene ankafuna: dzina lake lenileni lilembedwe pa chinthu china chosakhala ndewu, amayi ake amve.

Musaganize kuti zinayenda myaa. A Mawaya anayamba kuwaonetsa kapezedwe ka nambala ya kachipangizoko, poti chipangizo chilichonse chili ndi nambala yake imene chimauza kompyuta chikangolowa. Kenako anawalangiza kuti asayambe ndi kulemba dalaivala watsopano, koma afufuze ngati alipo wa chipangizo china chapachibale. Anafufuza masiku angapo mpaka anamupeza. Nyundo anawonjezera nambala ija pa zipangizo zimene dalaivalayo amazidziwa, nadikira kuti kompyuta yokalambayo imange zonse mwatsopano, ikulira ngati chigayo. Atalowetsa kachipangizo, kagetsi kake kanaphethira kamodzi n'kuzima.

Khu! Chibakera chinatera pa kiyibodi, batani limodzi n'kuulukira kunja kudzera pawindo.

"Pita ukatole," anatero a Mawaya mosakweza mawu. "Ukabwera uwakhalire manja akowo. Iwe uziwerenga ndi maso, Magalasi azitayipa."

Ndipo anawakhaliradi manja, mtsikana wamkulu wathunthu, nkhope ili ndwii. Anaphunzira kuwerenga madandaulo amene kompyuta imalemba chinthu chikalephera, mzere ndi mzere. Ndikuuzeni, mutu wa mwanayu unali wakuthwa, ndipo makani omwe aja a pandewu anamuthandiza, poti sankalola kugonja kwa kanthu kochepa ngati chala. Magalasi naye anali ndi mphatso yake, kudekha. Ankayesa chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza osatopa. Ndiye amene anaona kuti kachipangizo kake kankafuna kudzutsidwa kaye kasanapatsidwe lamulo lililonse, ndipo Nyundo ndiye anapeza malo oikapo mizere yodzutsirayo. Ana ena ankasuzumira pakhomo n'kumadabwa kuti nanga Magalasi akukhala bwanji pafupi ndi chilombo chimenechi osadyedwa.

Tsiku lina masana kagetsi kanayaka, osazimanso. Pasikirini panatuluka maina a manetiweki: ya ku ofesi ya sukulu, ya pasitolo ya mankhwala kutsidya kwa msewu, ndi ina ya munthu wina wovuta amene anaitcha "Gula Yako". Nyundo anakuwa, namenya Magalasi paphewa ndi chisangalalo mpaka mnyamatayo anagwa pampando. Anadzuka akuseka, akusisita phewa.

"Musathamange," anatero a Mawaya. "Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chigamba chimatumizidwa pabwalo la pa intaneti, pamene aliyense amawerenga uthenga wa aliyense. Kumeneko kulibe zonong'onezana. Wina akapeza cholakwa amachinena pomwepo poyera, kuti onse aphunzirepo. Gawo la zipangizo zopanda waya amaliyang'anira mayi wina wa dziko lakutali. Ine ndimangomuti Mlonda, poti palibe chigamba chimalowa iye asanavomere. Kachipangizo aka iye alibe, ndiye adzadalira mawu anu. Muyese kaye, ndipo muyese mwankhanza. Ine ndikupita kochonga mayeso, ndikabwerako titumiza."

Pa mawu onsewo, Nyundo anamva amodzi okha: titumiza.

A Mawaya atachoka, Magalasi anayesadi mwankhanza. Anakalowetsa mbali iyi ndi iyo, anagoneka kompyuta n'kuidzutsa, zonse bwinobwino. Kenako anayamba kukopera kanema wamkulu, ndipo ali pakati anazula kachipangizoko. Kompyuta inauma gwa. Kamuvi osasuntha, mabatani osayankha, mpaka anachita kuzimitsa pakhoma. Anabwerezanso, zomwezo.

"Ndani wamisala angazule chinthu chili pakati pa ntchito?" anakalipa Nyundo.

"Aliyense," anayankha Magalasi. "Mwana akhoza kukoka, chigongono chikhoza kugunda. Munthu akulemba zinthu zake zofunika, zonse n'kutayika chifukwa cha ife."

"Chifukwa cha ine, ukutanthauza."

"Sindinatero. Tiye tidikire aphunzitsi, tikonze kaye."

Nyundo anamugwira kolala n'kuipotokola mpaka batani linathothoka, namukankhira kukhoma. "Tamvera kuno, iwe kamagalasi. Chinthu chikugwira ntchito. Ukuchita nsanje poti dzina la wolemba ndi langa. Ukatsegulanso pakamwa, mano akowo ukawanyamulira m'thumba."

Anamusiya akutsokomola, nakhala pampando n'kutumiza chigambacho. Pansi pake analemba kuti chayesedwa ndipo chikuyenda bwino.

Madzulo anauza amayi ake. Iwo za madalaivala sanamvepo kanthu, mwina ankaganiza za oyendetsa mabasi, koma mfundo yake anaigwira.

"Ndiye kuti dzina lako lizikawerengedwa ndi anthu a maiko ena? Pa chinthu chabwino?"

"Eya, amayi."

Anamwetulira mpaka anaiwala simbi pa kolala ya malaya a munthu, anachita kukumbutsidwa ndi fungo. Achimwene ake anangoti, "Zabodza izo," koma amayi anatuluka kukauza mayi woyandikana nawo nyumba. Nyundo anali asanawaonepo akuyenda mwachangu chotero popita kukanena za iye.

M'mawa mwake nthawi yopuma, mnyamata wina wa phokoso amene ankatsatira nkhaniyo pafoni anakwera pa desiki.

"Tamverani, tamverani! Magalasi walemba pabwalo paja! Akuti: 'Ndine mwini wa kachipangizo kamene chigambachi chayesedwapo. Intaneti ikugwira bwino. Koma mukakazula kali pakati pa ntchito, kompyuta yonse imauma. Ndayesa kangapo, zikuchitika nthawi zonse. Chonde musachilandire chisanakonzedwe.'"

Kalasi lonse linafa ndi phwete.

"Nyundo yakhoma chala cha mwini wake!"

"Aise, dziko lonse laona! Mpaka kunja akudziwa kuti ndi mbuli!"

Nyundo anaona mdima. M'makutu munalira. Kwa iye uthenga umenewo sunasiyane ndi kuseka kwa pa bolodi kuja, kungoti uku anamuseka pamaso pa maiko onse, pamene amayi ake anali atauza kale anthu. Wakutsina khutu ndi mnansi, amatero akuluakulu, koma munthu wa mtima wapachala amangomva kutsinako. Anatuluka m'kalasi, ana akumupatukira okha.

Anapeza Magalasi pamasitepe a simenti aja akutsika, mabuku ali m'khwapa.

"Nyundo, dikira ndikufotokozere. Akanachilandira chili choncho, anthu..."

Sanamalize. Chibakera choyamba chinatera pakamwa, mlomo n'kung'ambika. Mabuku anamwazika. Magalasi anakweza manja, osati kuti abwezere koma kuti atchinge kumaso, akuti, "Pepa, pepa, tamvera kaye!" Nyundo anamugwira malaya n'kumugunditsa kukhoma, namuthira bondo m'mimba. Ana anakhamukira kudzaonerera monga mwa masiku onse. Mnyamatayo atapindika, manja ali pamimba, chibakera china chinabwera ndi mphamvu zonse n'kutera pagalasi la kumanzere. Phwa! Magalasi anakuwa kulira kumene Nyundo anali asanakumvepo pandewu zake zonse, nagubuduka pamasitepe mpaka pansi. Kachipangizo kaja kanatuluka m'thumba la malaya n'kugwera pamapazi pa Nyundo. Ndipo iye, mkwiyo usanathe, anakaponda ndi chidendene n'kupotokola mpaka kanamveka tswa.

Nthawi ino palibe anaimba likhweru. Magalasi anali atadzipinda pansi, manja onse awiri ali padiso, magazi akudutsa pakati pa zala n'kumadonthera pasimenti. Kamtsikana kena kakang'ono kanayamba kulira n'kumaitana amayi ake. Nyundo anayang'ana dzanja lake, naona kachidutswa ka galasi kataima pamfundo ya chala. Pamenepo m'pamene anazindikira chimene wachita.

Anamukhazika pabenchi kunja kwa ofesi ya aphunzitsi aakulu. Patapita nthawi anatulukira a Mawaya. Anali atangofika kumene kuchokera kochonga mayeso, n'kupeza mwana ali pansi, ndipo ndi iwo amene anamunyamula kukamuika m'galimoto. Malaya awo anali psuu pachifuwa. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anakhala pabenchipo n'kumupatsa foni.

"Werenga. Yankho la Mlonda. Linafika m'mawa, iwe usanakweze dzanja."

Nyundo anawerenga:

"Takulandirani nonse awiri. Chigamba choyamba chooneka bwino chonchi sindichiona kawirikawiri. Vuto limene mnzako wapeza ndi laling'ono, ndipo ambirife tinalichitapo poyamba: dalaivala akupitiriza kutuma kachipangizo kamene kachoka kale. Umuuze kuti aziimitsa kaye ntchito zonse asanakasiye. Konza pamenepo, mnzakoyo ayesenso pozula monga anachitira, ndipo ndichilandira, dzina lako ngati wolemba, lake ngati woyesa. Woyesa wotere umusunge, ndi wosowa."

Anawerenganso kachiwiri, milomo ikuyenda popanda mawu.

"Ndiye kuti sanandiseke, aphunzitsi?"

"Akuseke ndani? Kumeneko munthu akakupezera cholakwa ndiye kuti waiwerenga ntchito yako. Chimene akuchiona chopanda pake amangochidutsa." A Mawaya anatenga foni yawo n'kuimirira. "Panopa adokotala akuchotsa magalasi m'diso la mwana wa eni ake. Ine ndilibe mawu ena."

Bambo ake a Magalasi anabwera masana, tepi yoyezera zovala ikadali m'khosi. Polowa mu ofesi anaima n'kumuyang'ana. Nyundo anakonzeka kulandira khofi, koma iwo anangofunsa motsitsa.

"Ndiwe? Mwana wanga amakutamatu kunyumba. Amati uli ndi mutu kuposa onse."

Nyundo sanadikire kuuzidwa. Analowa m'kalasi, nanyamula chikwama chake yekha.

Kunyumba nkhani inali itafika kale. Achimwene ake anamuchingamira pakhomo lamba atamukulunga kale m'dzanja, ndipo kukwapula koyamba kunamupeza pakhosi. Akukwezanso dzanja, amayi anawagwira mkono. Mayi wofatsa uja, amene chiyambire ankangoyang'ana pansi lamba akamalira, analanda lambayo n'kumuponya panja pamatope.

"Zakwana! Wakhala ukumenya mwanayu kuyambira ali kakhanda, nanga taona chimene wakolola. Lero mwana wa anthu ali m'chipatala. M'nyumba mwanga muno dzanja silidzakweranso, lako kapena lake."

Kenako anakhala pampando n'kulira, zovala za anthu zili mulu patebulo. Tsiku limenelo sanasite.

Masiku otsatira Nyundo analibe kopita. M'mawa uliwonse ankaona anzake akudutsa ndi yunifomu iye ali pawindo. Tsiku lina anapita ku laibulale ya mumzinda, kumene kunali makompyuta a aliyense, natsegula chigamba chake. Anachita monga ananenera Mlonda. Zinamutengera nthawi yochepa kuposa imene ankatenga posesa chipinda chija, ndipo kuphweka kwakeko kunamuwawa. Pansi analemba kuti chayesedwa, poti ankadziwa mumtima kuti chili bwino. Anayang'ana mawuwo nthawi yaitali, kenako anawafufuta. Sanatumize.

Anazungulira misika ndi timasitolo ta mafoni kufunafuna kachipangizo kena. Anapeza tambiri, tina tofanana ndendende ndi kaja kunja kwake. Koma akapempha ogulitsa kuti alowetse m'kompyuta aone nambala, inkatuluka ina. "Iwe mtsikana, tonse n'timodzimodzi, usatitayitse nthawi," ankatero ogulitsawo. Iye ankadziwa kuti si timodzimodzi. Wogulitsa zinthu zakale uja anangogwedeza mutu, nati kanali kamodzi komweko, naye sakumbukira kumene kanachokera.

Pomaliza panatsala khomo limodzi, ndipo miyendo yake inkalikana. Anapitabe. Anagogoda pashopu ya bambo ake a Magalasi, ndipo amene anatsegula anali achemwali ake a Magalasi, mtsikana wamtali wovala epuloni. Atangomuzindikira, pha! khofi la patsaya. Pha! linanso mbali inayo, mpaka khutu linalira.

"Wabwera kudzamaliza diso linalo?"

Zibakera za Nyundo zinadzifumbata zokha, monga zinazolowera. Anazimva zikukwera. Anazibweza kumbuyo, dzanja lina kugwira linzake mwamphamvu mpaka zikhadabo zinalowa m'khungu, naima chilili, masaya akuyaka.

"Ndabwera kudzapepesa, achemwali."

"Musiyeni alowe," anamveka mawu ofatsa kuchokera m'kati.

Magalasi anali atakhala pampando pakona ya shopu, pakati pa tizidutswa ta nsalu. Diso la kumanzere linali lokutidwa ndi bandeji, tsaya lili ndi zipsera za ulusi wa kuchipatala. Popanda magalasi nkhope yake inkaoneka yaing'ono. Bambo ake anali pa makina osokera, ndipo sanadzutse mutu.

"Diso likuti bwanji?" anafunsa Nyundo.

"Akuti mwina lizidzaona kuwala kokha. Linalo likudikira magalasi ena, koma andiletsa kuyang'ana pasikirini mpaka adzanene iwo."

Nyundo anagwada pansi pomwepo, pa tinsalu ndi timaulusi. Misozi imene lamba analephera kuitulutsa zaka zonse inatuluka yokha, ndipo sanaipukute.

"Pepa. Unkandithandiza, ine osadziwa. Ayi, ndikunama, unandiuza, ine osafuna kumva. Pepa, mnzanga."

Makina osokera ankangolira.

"Ndakonzatu paja," anatero Nyundo, posowa china chopereka. "Ndachita monga ananenera Mlonda."

Apa mnyamatayo anatembenuka, ndipo kwa kamphindi nkhope yake inawala ngati kale. "Akuimitsa kaye ntchito zonse asanakasiye?"

"Eya. Zonse."

"Ndiye chiyenera kugwira. Watumiza?"

"Ayi. Sichinayesedwe."

Magalasi anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wamva yankho loyenera koma lafika mochedwa. Kuwala kuja kunachoka. Anakweza dzanja n'kukhudza bandeji.

"Kachipangizo unakaponda. Ine ndi uyu ukundionayu," anatero motsitsa. "Ndiye ayese ndani?"

Makina osokera anaima. Bambo aja anadzutsa mutu, achemwali aja ali pakhomo, onse akudikira. Nyundo anatsegula pakamwa, koma analibe dzina loti atchule.